Ndikafufuta Wa Diresi Lachikasu, Akazi Anga Afufutika Nawo

Aphungu,

Ndiyambe ndaulula kuti kalatayi sindikulemba ndi dzanja langa. Ine kusukulu sindinapondeko, ngakhale kukausa mvula pakhonde pake. Akulemba ndi alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki. Ndawachenjeza kuti alembe zokhazo zotuluka pakamwa panga. Akathiramo zawo ndidziwa, chifukwa isanapite ndikaipereka kwa wometa wa khomo loyandikana ndi langa kuti andiwerengere. Wometa yemweyo ndi amene amandiwerengera tsamba lanu Loweruka lililonse, ndipo malangizo anu ena ndimagwirizana nawo.

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Ntchito yanga ndi yokonza makina osokera. Makina akangolira ndimadziwa nthenda yake ndisanawatsegule, kaya ndi lamba watha, kaya shatulo yasemphana ndi singano, kaya mwini wake ndi waulesi pothira oyilo. Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi, muli thebulo lalitali, mashelefu atatu, ndi zitini zoposa zana zodzaza mabobini, mashatulo, timasipuling'i ndi timasikuluu. Palibe chitini cholembedwa kanthu. Zonse zimakhala m'mutu muno, ndipo sindinasokonezepo.

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, amajambula mapulani a nyumba. Ameneyu ndiye wakhala akundilira m'khutu. Amati, "Ababa, tsiku mudzadwale, ndani adzadziwe kuti shatulo ya telala wa pakona ili m'chitini chiti?" Ine ndinkamuyankha kuti sindidwala. Anandibweretsera kope lalikulu kuti wina azindilembera. Kopelo lilipo mpaka lero, ndinachirikizira mwendo wa thebulo umene unkagwedera, ndipo ntchito imeneyo likuigwira bwino.

Miyezi itatu yapitayo anabwera ndi tabuleti yake yakale, chinthu chagalasi chonga foni yaikulu. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Ababa, ichi sichifuna zilembo, khalani pansi." Anatsegula pulogalamu ina imene amagwiritsa ntchito posanja maganizo ku ofesi kwawo. Pagalasi panali mdima, pakati pa mdimawo kampira kamodzi kakungoyandama. Anajambula shatulo, chithunzi chinalowa m'kampira kaja. Anati ndilankhule. Ndinati, "Shatulo ya makina a phazi, chitini chachitatu, shelefu ya pakati." Atakagunda ndi chala, kampira kaja kanayankhula ndi mawu anga enieni, mpaka kachifuwa kanga komwe. Kenako anapanga kampira kena, n'kukoka kamzere kuchokera pa koyamba kuja kufika pa kachiwiri. Iye kamzereko amakatchula dzina lachizungu limene ndinakana. Ine ndimati ulusi.

Ndiyeno anaika chala pagalasi n'kupotoza, ndipo zonse zinatembenuka. Chimene chinali kumanja chinapita kuseri, cha pansi chinakwera.

Aphungu, ndinaimirira mpaka mpando unagwa. Umu ndi mmene mutu wanga ulili chibadwire. Anthu a sukulu amandandalika zinthu pamzere, china pansi pa chinzake, papepala lopanda kuseri kopenyeka. Mutu wanga uli ndi kutsogolo, kumbuyo, m'mwamba ndi pansi, ndipo chilichonse chili ndi ulusi wake. Zaka zonsezi anthu ankati madala uyu amangokumbukira mwamwayi. Lero taonani, anthu ophunzira anatha zaka zambiri kuti apange chinthu chonditsanzira ine. Ndinamufunsa mwana wanga kuti amene anapanga chimenechi anandionera kuti.

Tsiku limenelo tiyi anazirala pathebulo. Pakutha sabata, zitini zonse zinali zitalowamo. Ndinalowetsamo matelala onse a mumsewu wathu, aliyense ndi ulusi wopita ku makina ake, makinawo ulusi wopita ku nthenda yake, nthendayo ulusi wopita ku chitini cha mankhwala ake. Pali telala wina amene amathira mafuta ophikira m'makina, ameneyo ndinamuikira kampira kapadera kofotokoza zimene ndimaganiza za iye. Ndinkaonetsa aliyense wodutsa. Kondakitala wina anatsala pang'ono kusiyidwa ndi basi yake yomwe. Ndinkadzipeza ndikuseka ndekha, ndikupotoza chinthucho uku ndi uku ngati mwana amene wapatsidwa galimoto ya waya. Ukatambasula zala ziwiri, umalowa pakati pa timipira ngati ukuuluka. Munthu wa msinkhu wanga kuuluka, Aphungu.

Za ntchito zitatha, ndinati bwanji ndiikemo moyo wanga wonse. Ndinasanja mmene munthu aliyense wanzeru angasanjire. Zakutsogolo ndinaika kutsogolo, monga makina oti ndikonze mawa ndi ukwati wa mdzukulu wanga. Zalero ndinaika pakati. Zakumbuyo ndinaika kumbuyo, kutali uko kumene timipira timaoneka ngati mchenga. Ndinadziwa kuti kumeneko kulibe amene angafikeko, pajatu zakumbuyo n'zakumbuyo.

Kumbuyo kwenikweni ndinaikako munthu wina. Ndingomutchula kuti Wa Diresi Lachikasu. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndinkamufuna mtsikana ameneyu. Amayi ake anali ndi makina odumpha msoko, ndipo ankandiitana ine. Ndikawakonza ndinkasiya kasikuluu kamodzi kosamangitsa, kuti pakatha sabata andiitanenso. Ulendo wachinayi ndinapeza m'nyumbamo muli mnzake wa mtsikanayo amene ankaphunzira kusoka. Sanandiyang'ane kumaso, anangoyang'ana manja anga. Ndikulongedza zida anati, "Achimwene, kasikuluu ako mwakasiya dala." Ndinachita manyazi mpaka m'makutu. Mtsikana ameneyo ndi akazi anga, ndipo takhala limodzi zaka makumi anayi kudza zisanu ndi zitatu. Wa Diresi Lachikasu anakwatiwa ndi dalaivala wa lole n'kusamuka. Ngati ali moyo sindikudziwa.

Chithunzi chake ndilibe, ndiye ndinajambula kachidutswa ka nsalu yachikasu kamene ndinatola pansi pa thebulo, n'kulankhulamo pang'ono. Kuchokera pa kampira kameneko ndinakoka ulusi kupita kwa akazi anga, kuchokera kwa iwo kupita kwa ana athu asanu, kenako kwa adzukulu. Ndi mmene zinayendera, ndipo ulusi umatsata kumene unadzera.

Muyenera kudziwa chinthu chimodzi. Makina alionse ndikamaliza kukonza, akazi anga ndi amene amawayesa. Ali ndi mpando wawo pafupi ndi khomo la shopu. Amatenga kansalu, amaponda, amakweza kansaluko kuwala, amatembenuza kuona msoko wa kunsi. Akagwedeza mutu, makina amatuluka. Akati "mmm," ndimayambiranso. Si kuti maso anga afooka ayi, koma ulusi wa masiku ano ndi wowonda.

Lachiwiri lina m'mawa ndinanyamula makina kukapereka kwa telala wa pakona, tabuleti ndinaisiya pathebulo ili yoyaka. Akazi anga fumbi sagwirizana nalo. Anatenga kansalu n'kupukuta galasi, kamodzi kokha, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Chinthu chonse chinatembenuka. Zakumbuyo zinabwera kutsogolo. Kampira kachikasu kaja, kamene kanali ngati mchenga, kanadzaza galasi lonse ngati dzungu. Anakagunda kuti akachotse, ndipo kanayamba kulankhula.

Ine pobwerera ndinamva mawu anga ndikadali pamsewu. Ndinkanena kuti, "akaseka panali kampata pakati pa mano, ndipo akamayenda diresilo linkachita ngati likumutsatira mochedwa." Pakhomo panga panali pataima wometa, lumo lili m'manja, ndi munthu amene ankamumeta, mutu theka, nsalu ili m'khosi. Palibe amene anasuntha mpaka mawu anatha. Alamu anga pano asiya kulemba, akupukuta misozi ya kuseka. Lembani, alamu, sindinakuitanireni zimenezo.

Akazi anga anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kunena kuti, "Mphindi zinayi." Kenako anatsata ulusi ndi chala mpaka anadzipeza okha. Anagunda kampira kawo. Kanati, "Amayi a ana." Anadikira. Anagundanso. Kanabwereza zomwezo. Apa sindikuonapo chodabwitsa, chifukwa munthu amene umamuona tsiku lililonse ungafotokoze chiyani? Ali pompo.

Akazi anga anati, "Mufufuteni."

Ine mtendere ndimaukonda. Ndinadina kampira kachikasu kuti ndikachotse. Nthawi yomweyo kanafiira, ndipo kufiirako kunatsika ndi ulusi. Akazi anga anafiira, ana asanu anafiira, adzukulu onse anafiira mpaka wobadwa chaka chino. Pagalasi panatuluka zilembo. Wometa anawerenga n'kunena kuti ndiimbire kaye mwini tabuleti. Mwana wanga pafoni anati, "Ababa, musadine kachiwiri. Mukachotsa ameneyo, onse olendewera pa iye apita naye."

Foni inali yokweza mawu. Akazi anga anati, "Oho. Ndiye kuti ine ndikulendewera pa iye. Zaka zonsezi ndakhala ndili mpendero wa diresi la mwini." Anatenga kansalu kawo n'kulowa m'nyumba.

Lero ndi tsiku la khumi ndi chimodzi mpando uja uli wopanda munthu. Sakundinyanyala kwenikweni, tiyi amabweretsa, koma amati, "A Tabuleti, tiyi wanu uyu, shuga kakuthirireni kampira kanu." Afukula mpango wachikasu umene sindinkadziwa kuti ali nawo, amauvala tsiku lililonse, ndipo akamadutsa pawindo amafunsa wometa mokweza kuti, "Kodi chonchi munthu angapeze ngakhale mphindi ziwiri?" Makina asanu ndi anayi ndamaliza, angoti ndondondo pashelefu kudikira wowayesa. Amodzi ndinawatulutsa osayesedwa, tsiku lotsatira anabwerera ali pamutu pa mwini wake, akuti akukwinya nsalu. Chiyambire ntchito, zimenezi zinali zisanandichitikirepo.

Mwana wanga akuti ulusi ukhoza kudulidwa, amayi akewo n'kuwamangirira pa kampira kanga ine, kenako wachikasuyo n'kumuchotsa yekha. Ndakana. Limenelo ndi bodza, chifukwa akazi anga sindinawatole pamsewu, ndinawapeza m'nyumba ija. Msoko ukaumasula pakati n'kuyambira pena, wodziwa amaona. Alamu anga akuti ndiponye tabuletiyo mu diramu ya madzi. Amenewa ndi maganizo a munthu amene anatha zaka makumi atatu akusanja mapepala pamzere.

Sindikukufunsani ngati ndalakwa, chifukwa sindinalakwe. Ndikufuna mundipatse mawu abwino owafotokozera akazi anga kuti iwo ndiwo sakumvetsa mmene chinthuchi chimayendera. Koma fulumirani, chifukwa mpando uja ukundiyang'ana.

Ine amene ndadinda chala pansipa,
M.M., kuseri kwa depoti ya mabasi


Bambo M.M.,

Chala chanu chafika, ndipo chikununkhira oyilo wa makina. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndikuwerengera anzanga mu ofesi muno, ndipo tonse tagwirizana kuti mutu wanu ndi wabwino. Pulogalamuyo musaisiye. Munthu amene wapeza chida choyenda mmene maganizo ake amayendera wapeza chinthu chachikulu, ndipo mwana wanu tsopano agona tulo podziwa kumene shatulo ya telala wa pakona ili. Alamu anu auzeni kuti diramu ndi ya madzi.

Koma mawu amene mwapempha ndilibe. Amayi chinthucho achimvetsa bwino kuposa inu. Anachipukuta kamodzi kokha n'kupeza pamene pali nthenda.

Nanenso ndili ndi wotchi. Ndanena kuti "Amayi a ana" ndikuyang'ana muvi wake, ndipo muviwo sunasunthe n'komwe. Munthu amene anakwera lole kalekale mwamupatsa mphindi zinayi, za mano ndi kayendedwe. Munthu amene wakhala pakhomo pa shopu yanu zaka makumi anayi kudza zisanu ndi zitatu, akukuonerani misoko imene inu simukuionanso, mwamupatsa mawu atatu, ndipo mawuwo akunena za ana osati za iye. Mukuti mungafotokoze chiyani za munthu amene ali pompo. Nanga shatulo ija inali kuti pamene munkaifotokoza mpaka chitini ndi shelefu? Amayi sakulimbana ndi mtsikana wa kalekale. Mverani zimene akufunsa wometa pawindo. Sakufunsa kuti wafufutidwa kapena ayi, akufunsa mphindi.

Pa nkhani yokana kunama ndili mbali yanu. Musawamangirire amayi pamalo pamene sanadzere. Komabe, inu katswiri wa ulusi, ulusi uwu mwaulowetsa molakwika. Bwererani m'nyumba ija muyang'anenso. Wa Diresi Lachikasu sanakupatseni mkazi. Sanakuonetseni, sanakulankhulireni, mwina n'kutheka anali panja. Chimene chinakukumanitsani ndi makina odumpha msoko aja ndi kasikuluu kamene munkasiya dala. Inu munabwera chifukwa cha kasikuluu, amayi analankhula chifukwa cha kasikuluu. Kampira kameneko ndi kamene kakusowa m'mutu wanu wachiwiriwo.

Ndiye chitani motere. Musanakhudze kalikonse, muitaneni mwana wanu asunge zonse pena mmene zililimu, kuti chala chikaphonya musalire adzukulu ndi zitini zomwe. Akatero, tolani kasikuluu kamodzi m'chitini, kajambuleni, kakhale kampira katsopano. Pa kameneko kokani ulusi uwiri. Wina upite kwa wachikasu uja, ndipo uthere pomwepo, chifukwa nkhani yake inatheradi pomwepo. Winawo upite kwa amayi, ndipo ana ndi adzukulu atsate mmene akutsatira kale. Palibe bodza limene mwanena, mwangokonza msoko umene unadumpha. Mukamaliza dinani wachikasuyo ngati mukufuna kumuchotsa, amayi akuona. Afiire yekha. Kumuchotsa kapena kumusiya, funsani amayi, ndipo musadabwe akanena kuti musiyeni, alibe naye ntchito.

Chovuta chikubwera tsopano. Kampira ka amayi kakufunika mawu, ndipo mawuwo musakawajambule mobisala kuseri kwa mashelefu. Tsekani shopu masana, wometa mumuuze kuti akamete kutali. Apempheni amayi akhale pampando wawo, osati kudzayesa makina, kudzangokhala. Yatsani tabuleti, koma muziyang'ana iwo. Musayambe ndi zoti amaphika bwino kapena amasamala pakhomo, zimenezo ndi za pa kalata yofunsira ntchito. Yambirani pa mtsikana amene sanakuyang'aneni kumaso koma manja. Nenani zimene anavala tsiku limenelo. Ngati mwaiwala, vomerani kuti mwaiwala ndipo muwafunse, akukumbutsani mpaka mabatani. Nenani mmene amakwezera kansalu kuwala. Nenani za makina amene anabwerera ali pamutu pa mwini wake. Nenaninso kuti ulusi wa masiku ano sunawonde. Wotchi ya pakhoma musaiyang'ane, iwo ayiyang'ana okha.

Zikayenda, apatseni tabuletiyo nawonso asanje zawo. Koma mangani lamba, chifukwa kumbuyo kwawo mwina kuli wa shati labuluu amene anali ndi njinga. Mukamumva akufotokozedwa, mukhale chete mpaka mphindi zinayi zithe, monga anachitira iwo.

Chenjezo langa ndi ili. Kumbuyo kwa m'mutu mwanu kuli kutali, koma kumbuyo kwa m'tabuleti kuli pa mtunda wa kansalu kamodzi kopukutira fumbi. Chilichonse mukulankhulamo, lankhulani ngati wometa waima pakhomo ndi lumo lake. Ndikuganiza makamaka za telala wa mafuta ophikira uja. Kampira kake kamvetsereninso lero lomwe, asanabwere kudzatenga makina ake n'kupempha kuti naye auluke pang'ono. Mwana wanu akuikireninso loko wotsegula ndi chala, pajatu chala chanu chimagwira ntchito.

Makina asanu ndi anayi aja asatuluke osayesedwa. Matelala adikire.

Zaka makumi anayi kudza zisanu ndi zitatu zapitazo, mtsikana wina anakuuzani kuti mwasiya kasikuluu kosamangitsa. Pano wavala mpango wachikasu ndipo akukuuzani zomwezo. Tengani sikuludiraiva, bambo.

Phungu wanu